Kahuva ka pa sale kafa patangotha masiku 9, ndimudule malipiro mtsikana wantchito?

MayiWaTadala:
Abale ndithandizeni nzeru ndisanachite zinthu ndi mtima wapachala. Pa Black Friday shopu ina m'tauni muno ku Lilongwe inatsitsa timahuva tam'manja tija, timakina tokoka fumbi topanda chingwe, totchaja ngati foni. Kanali pa K95,000 anakaika pa K58,000, ine ndinachita kutuluka mu ofesi nthawi ya lanchi kukathamangira poti sofa yanga ndi ya nsalu ndipo ana amadyera pompo mbuliwuli ndi mabisiketi, m'galimoto ndiye musanene. Dzulo ndikufika pakhomo ndakapeza pa tebulo kakununkha chopserera, ukakanikiza batani kakungoti kwii n'kuzima. Kufunsa mtsikana akuti Tadala anataya tiyi pa kapeti ndiye iye anati apope ndi kahuvako. Tiyi anthu inu! Mtsikanayu wakhala nane chaka ndi miyezi 8, ndimamupatsa K50,000, amadya pano amagona pano, sopo ndi mafuta odzola ndimamugulira ndine. Ndikuganiza zoti ndizimudula K20,000 kwa miyezi itatu kuti aphunzire kusamala zinthu za eni. Bambo akunyumba akuti ndingomusiya koma iwo si amene anagula.

Kabaza_Boss:
20 kuchulukitsa ka 3 ndi 60. K2,000 yapamwambayo ndi katapila?

MayiWaTadala:
Ndi ya transipoti yomwe ndinayendera, musandiyambe.

NaPhiri_47:
Mayi funso limodzi lokha, munamuphunzitsa kagwiritsidwe ntchito kake? Munamuuza kuti sikafuna madzi?

MayiWaTadala:
Ndinamuonetsa pokanikiza ndi potsegula kutaya zinyalala. Za madzizo ndimayesa aliyense amadziwa kuti magetsi ndi madzi sizigwirizana.

FundiWaMawaya:
Dikirani kaye musanaweruze munthu tiyambe taweruza makinawo. Timahuva timeneti mkati muli kamota kakang'ono kozungulira mothamanga kwambiri, ndipo mpweya womwe kakukoka umadutsa pa fyuluta kenako pafupi ndi motayo n'kutulukira kumbali. Ngati pa bokosi sanalembe kuti wet and dry ndiye kuti madzi amadutsa fyulutayo n'kukafika ku mota ndi ku kabodi komwe kamayang'anira batire. Tiyi ndiye woipa kuposa madzi chifukwa shuga akauma amamata. Koma si nthawi zonse kuti mota yapsa, kawirikawiri chimafa ndi kabodiko kapena switchi. Musakatchaje ayi, ndikubwereza musakaike pa chaja, chotsani fyuluta ndi kabotolo ka zinyalala mukasiye pamalo pouma masiku awiri kenako mupite nako kwa munthu wodziwa. Ndipo ndinene chilungamo, alipo ena amene amapopadi madzi, pa mavidiyo otsatsa malonda amachita kuthira juwisi pansi n'kupopa, ndiye mwana wa eni akaona zimenezo pa foni angadziwe bwanji kuti kanuko ndi kamtundu wina?

Mdyomba:
Zotchipa zimaluma. Ine ndinagula ka m'galimoto kolowetsa poyatsira fodya paja, kanakoka njere zitatu za mpunga n'kupuma pantchito.

NaPhiri_47:
Ndiye mwamva fundi. Inu munaonetsa pokanikiza basi. Kabuku kake kali m'Chingerezi cha zilembo ngati nyerere, mwina inu nomwe simunakawerenge. Ndipo mtsikanayo samaseweretsa, amakonza kapeti yanu yomwe mwana wanu wathira tiyi. Akanasiya tiyiyo aume bwenzi lero mukulemba kuti ndi waulesi.

BamboWaAwiri:
Apa ndiye zayambika, gulu lino wolemba ntchito amakhala wolakwa asanatsegule pakamwa. Mayiwa atulutsa K58,000 ya thukuta lawo, chinthu chaphedwa pa masiku 9, ndiye angoti zikomo? Ife kuntchito ukataya laputopu ya kampani amakudula, palibe amakufunsa ngati unaphunzitsidwa kusunga chikwama. Mayi dulani, mwina osati zonse koma adziwe kuti chinthu chili ndi mtengo.

Mlembi_HR:
Ndagwira ntchito yoona za anthu ogwira ntchito zaka zingapo ndiye ndiyankheko mbali ya malamulo, ndipo onse awiri simusangalala nane. Lamulo la ntchito, Employment Act ya 2000, ndime 56, imaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango, koma imalola kudula ndalama zobwezera katundu amene wantchito waononga. Ndiye a BamboWaAwiri sakunama, kudula kulipo. Koma mawu oti "kuti aphunzire" aja ndi chilango amenewo, osati kubweza. Ndipo chilichonse chomwe bwana wachita chimayenera kukhala choyenera poona mmene zinachitikira, munthu anachita dala kapena mosasamala, anachenjezedwapo kale, vuto ndi lalikulu bwanji. Munthu amene sanauzidwe za madzi, wakhala chaka ndi miyezi 8 osaononga kanthu, kumudula pafupifupi theka la malipiro miyezi itatu, ku leba simukatulukako bwino.

Tsopano gwirani mpando mayi. Mu February 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa, antchito ambiri K90,000 pamwezi, antchito a m'nyumba K52,000. Inu mukupereka K50,000. February mpaka November 2024 ndi miyezi 10, kuchulukitsa K2,000, ndi K20,000 imeneyo yomwe inuyo muli nayo ngongole kwa mtsikanayo. Sindinawerengere tchuthi, poti wogwira masiku 6 pasabata amayenera masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka, ndipo maola a ntchito sayenera kupyola 48 pasabata popanda ovataimu. Wogona pakhomo amene amadzuka 5 koloko kuwotcha madzi n'kugona mbale za usiku zitatsukidwa, muwerengere nokha.

Kabaza_Boss:
Kkkkk anabwera kudzadula, akubwerera ali ndi ngongole. Khoswe wa padenga waulula wa padzala.

MayiWaTadala:
Koma inu mukuiwala kuti amadya nafe? Thumba la chimanga mukulidziwa mtengo wake pano? Nyama tikudya nayo limodzi, chipinda chake chake, magetsi, madzi. Mukaphatikiza zonsezo zikupyola K100,000. Ine sindine wankhanza ayi, mayi ake atadwala ku Dedza ndinamupatsa transipoti ndi shuga ndi sopo, sindinadule tsiku ndi limodzi lomwe.

NaPhiri_47:
Kugona pakhomopo amapindula ndi ndani? Mwana akalira 2 koloko usiku amadzuka ndani?

AuntyWaSalon:
A NaPhiri musamayankhule ngati aliyense wolemba wantchito ndi mpondamatiki. Ambirife timalemba mtsikana chifukwa tilibe pomusiya mwana, osati chifukwa ndalama zachuluka. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zonse zinakwera, ine mankhwala a tsitsi ndimaoda kunja ndiye ndinamva m'mafupa, koma makasitomala ukawakwezera K500 amathawira kwa wa pansi pa mtengo. Mphunzitsi wa ku pulayimale alembe wantchito, amulipire malipiro a boma, tchuthi, ovataimu, iye atsala ndi chiyani? Mapeto ake anthu akungotenga kamwana ka achibale kumudzi n'kumati tikukaphunzitsa, komwe ndi koipa kuposa. Malamulo amenewa amalembedwa ndi anthu okhala ku Area 10.

Mlembi_HR:
Aunty mfundo yanu ya kamwana ka kumudzi ndi yoona ndipo imandiwawa, lamulo lomwelo limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14 koma silifika pa ntchito za m'nyumba, ndipo m'makomomu muli tiana tambiri tomwe timatchedwa "mdzukulu". Koma Kwacha itagwa inagwera tonse, mtsikanayo naye amatumiza ndalama kwao kukagula feteleza yemwe wakwerayo. Ndipo pokambirana za malipiro otsikitsitsa sikuti amakhala a mabungwe a antchito okha, a MCTU oimira antchito amakhala mbali ina, a ECAM oimira olemba ntchito mbali inayo, boma pakati. N'chifukwa chake ya a m'nyumba inaikidwa pansi kusiyana ndi ya ena, anaganizira kale matumba a anthu ngati inu. Ngati K52,000 sikutheka, njira yachilungamo ndi kulemba woyendera masiku atatu pasabata n'kumulipira molingana, osati wa masiku onse pa mtengo wa theka.

BamboWaAwiri:
Chabwino a malamulo, ndiyankheni ichi. Chaka chatha tinali ndi mtsikana, anapempha adivansi ya K40,000 akuti kwao denga lasasuka, tinamupatsa. Patatha sabata ziwiri tikudzuka Lolemba chikwama palibe, munthu palibe, foni yozima, madamu ali ndi mwana wa miyezi 4 ndipo tsiku lomwelo amayenera kubwerera kuntchito. Ine ndinajomba masiku atatu kulera mwana. Ufulu wanga unali kuti pamenepo? Ku leba ndikanakasuma ndani, mphepo? Koma ine nditamuthamangitsa m'mawa popanda notisi bwenzi atabwera ndi kalata.

Mlembi_HR:
Notisi imamanga mbali zonse ziwiri, wolipidwa pamwezi amayenera kupereka mwezi umodzi kaya ndi bwana kaya ndi wantchito. Ndiye pa pepala inu munalakwiridwa. Vuto ndi loti munalibe pepala. Munalemba dzina lake lonse, mudzi, mfumu, nambala ya chiphaso? Adivansi anasainira? Anthu timalemba munthu wosunga ana athu ndi makiyi a nyumba pongomva kuti "ndi mwana wa mlongo wake wa mayi a ku tchalitchi". Kontrakiti ya tsamba limodzi m'Chichewa imateteza bwana kuposa mmene mukuganizira.

BamboWaAwiri:
Pepala silikanalera mwana wanga Lolemba lija.

Chemwali_waku_Joni:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilowepo poti ine ndine "mtsikana" amene mukumukambayo, ngakhale ndili ndi zaka 41 ndi ana atatu. Ndimagwira m'nyumba kuno ku Johannesburg kuyambira 2016. Sabata yanga yoyamba ndinachapa fyuluta ya huva ya madamu n'kuibwezera ili yonyowa poti kwathu chinthu ukachapa umabwezera pamalo pake, nyumba yonse inanunkha ngati galu wonyowa ndipo makina anayamba kulira mwachilendo. Ndinabisala m'bafa kulira, ndimaganiza kuti ntchito yatha ndipo ya basi yobwererera ndilibe. Madamu anangoseka n'kutenga cholembera, analemba pa katepi NO WATER n'kumata pa huvayo, mpaka lero katepiko kalipo. Sindikunena kuti mabwana onse kuno ndi abwino, ayi ndithu, mnzanga wina anadulidwa R600 chifukwa cha malaya opsa ndi simbi pomwe malamulo a antchito a m'nyumba kuno amaletsa kudula munthu chifukwa cha mbale zosweka kapena zovala zopsa posita. Malipiro otsikitsitsa kuno anafika R27.58 pa ola mu March 2024 ndipo kuyambira 2022 ife a m'nyumba tinafanana ndi antchito ena onse, kale ankatiika pansi. Akakuchotsa mopanda chilungamo umapita ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30, sulipira kanthu. Koma Amalawi ambiri sapita chifukwa cha mapepala, bwana amangoti ndikuitanira a Home Affairs, munthu n'kunyamula chikwama mwezi wonse osalipidwa.

Chimene mabwana simudziwa ndi mantha. Mtsikana wanuyo mayi, kuyambira dzulo sakudya bwino, ndikulumbira. Ndipo wakuuzani zoona kuti anapopa tiyi. Akanatha kunena kuti kangozima kokha, inu mukanapita kukalimbana ndi a shopu. Mukamudula, ulendo wina chikadzasweka mudzachipeza kuseri kwa kabati.

NaPhiri_47:
Chemwali mwanena zonse.

Mphwanga_Pretoria:
Kuonjezera pa za chemwali, kuno kunali mlandu waukulu wa mayi Maria Mahlangu amene anamira mu swimming pool ya abwana awo mu 2012 atagwira ntchito pakhomopo zaka 22, mwana wawo atapita kukafunsa chipukuta misozi anauzidwa kuti lamulo la ovulala pantchito silikhudza antchito a m'nyumba. Zinafika mpaka ku Constitutional Court ndipo mu November 2020 khoti linagamula kuti kuwasiya kunja ndi kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Ndimaikumbukira nkhaniyi nthawi zonse ndikamatsuka pool ya abwana anga poti kusambira sindidziwa.

Mdyomba:
Tabwererani ku huva inu. A ku Joni, zimenezi kumeneko zikupita pa zingati? Ndikufuna munditumizire pa basi.

Mphwanga_Pretoria:
Zilipo zambiri koma samalani pulagi, za kuno ndi za mano atatu ozungulira akuluakulu pomwe kumudzi ndi a makona ngati a ku UK, mudzafunika adaputa. Bola mugule kotchaja ndi USB. Komanso kuno chinthu chikafa chokha pasanathe miyezi 6 lamulo la ogula limati ubweze akukonzere, akusinthire kapena akubwezere ndalama, koma inu muli ku Mchesi mudzabweza bwanji?

Gogo_wa_Zomba:
Ine zaka zonsezi tsache la K500 ndi kansalu konyowa, sofa timamenya ndi chikoti panja Loweruka. Simunamvepo tsache lapsa. Walira mvula walira matope ana inu.

Kabaza_Boss:
Gogo tsache la K500 munagula nthawi ya Kamuzu?

Nyasa_Leeds:
Kkkk gogo asiyeni. Koma kunena zoona fumbi la kumudzi la October lija si la timahuva ta batire, kafyuluta kamatseka pa mphindi zisanu, tinapangidwira nyenyeswa za buledi ndi ubweya wa mphaka. Kuno nyumba zambiri ndi kapeti khoma mpaka khoma ndiye huva ndi ngati mpeni wa kukhitchini, ndipo dzina loti huvalo ndi la kampani, Hoover, monga mmene kumudzi mankhwala aliwonse otsukira mano timangoti kolugeti.

Pa nkhani inayo, musaganize kuti ku Ulaya ndiye wantchito ndi mfumu. Ine ndimasamala okalamba, malipiro otsikitsitsa anafika £11.44 pa ola mu April 2024, zimamveka zambiri mukasintha m'makwacha koma lendi ikadya mumatsala mukuwerenga makobidi. Ndipo ambirife visa yathu ndi yomangirira kwa kampani yomwe inatibweretsa, akakuchotsa umakhala ndi masiku 60 oti upeze ina yokutenga apo ayi uzipita. Ndiye manejala akakuuza kuti ugwire Sande lachinayi motsatizana umangoti yes. Malamulo alipo okongola, koma amene wagwira chitupa chako ndiye wagwira pakamwa pako. Mtsikana wa mayiwa naye chimodzimodzi, malo ogona ndi ntchito zili m'dzanja limodzi, akakangana ndi madamu usiku womwewo alibe pogona.

AuntyWaSalon:
Nonse mukukamba za mabwana oipa. Nanga antchito oipa? Ine ndinaphunzitsa mtsikana kuluka kuyambira pa ziro, miyezi 9, atadziwa anatsegula yake mseu womwewo n'kutenga makasitomala anga ndi manambala omwe anakopera m'foni ya salon. Ameneyo lamulo lake ndi liti?

Kabaza_Boss:
Limenelo limatchedwa bizinesi aunty.

AuntyWaSalon:
Iwe ukadzakhala ndi njinga ziwiri udzandimvetsa.

Kabaza_Boss:
Ndili nazo zitatu, ndipo mnyamata wina anagwetsa imodzi mu ngalande ku Kawale mwezi wathawu, foloko yopindika, nyali yosweka. Tinagawana pakati chifukwa anali atanyamula anthu awiri ndi thumba la makala zomwe ndinamuletsa pamaso pa anzake. Akanagwa chifukwa cha mabuleki omwe ine ndinachedwa kusintha ndikanalipira ndekha. Nkhani ndi yoti unamuuza kapena sunamuuze.

BamboWaAwiri:
Apo ndiye tagwirizana pang'ono. Koma ndikanali pomwepo, munthu wamkulu sufunika kuuzidwa chilichonse. Kugawana pakati ndi chilungamo.

Mlembi_HR:
Theka la K58,000 ndi K29,000, kuchotsa K20,000 ya ngongole ija kwatsala K9,000, tikaika masiku 18 a tchuthi omwe ndikukayika ngati anapatsidwa, mayi ndi amene atulutse chenji. Ndipo poti ena mu inbox akundifunsa zongomuchotsa, ndime 57 ya lamulo la ntchito lija imafuna chifukwa chomveka ndiponso kuti munthu apatsidwe mpata wodziteteza, ndipo akachotsedwa mopanda chilungamo pamakhala severance, malipiro a sabata ziwiri pa chaka chilichonse chomwe wakwanitsa m'zaka zisanu zoyamba. Zikakanika ku ofesi ya leba zimapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito. Si nthano, antchito a m'nyumba ndi alonda amafikako.

MayiWaTadala:
Palibe wanena zomuchotsa, amene akukufunsani mu inbox si ine. Mwandiweruza mokwanira, ndikapita nako kwa fundi Loweruka.

FundiWaMawaya:
Mutenge ndi chaja yake yomwe. Ndipo ku shopu musakanene kuti kangofa kokha, akatsegula adzapeza shuga.

MayiWaTadala:
Ndabwera ndi lipoti poti mungamanene kuti ndinathawa. Fundi wa mumsika watsegula, mota ili bwino, chinapsa ndi kabodi ndi waya umodzi, mkati monse munali nomatamata ngati mwathiridwa uchi. Wachotsa kabodi pa kena kakufa n'kuika, K12,000 zonse. Wandionetsanso mabatire ake, awiri okha ang'onoang'ono, akuti ndisayembekezere kupyola mphindi 15 ndipo mwina n'chifukwa chake anatsitsa mtengo, katunduyo anakhalitsa m'shelefu. Mtsikana sindimudula. Mwezi uno ndayamba kumupatsa K52,000, za miyezi 10 zija ndamuuza kuti ndizimuonjezera K5,000 mpaka zithe, iye anangondiyang'ana ngati ndayankhula Chitchaina kenako anafunsa ngati ndikumuchotsa. Za tchuthi tikambirana Khrisimasi ikadutsa, musandithamangitse, ndine munthu mmodzi. Koma a BamboWaAwiri ndikuvomerezani pang'ono, mumtima K12,000 ija ikundiwawabe.

BamboWaAwiri:
Mwaonjeza malipiro kwa munthu woti waononga katundu. Dziko lapita ili.

Chemwali_waku_Joni:
Matani katepi mayi.

MayiWaTadala:
Ndamata, ndalemba MADZI AYI ndi maka yofiira. Koma sakukagwiranso n'komwe, lero ndamupeza akutola mbuliwuli m'mipata ya sofa ndi dzanja, kahuva kali pa chaja pambali pake. Ndamufunsa akuti "kameneko ndi ka madamu".

Mdyomba:
Ndiye sale ija ikadalipo kapena inatha?